Impso ya Mzime

Inali cha m'ma naini koloko m'mawa. Mvula yomwe inagwa mbandakucha inali itangokata, ndipo madzi anali akudonthabe m'mphepete mwa malata. Mmisiri anabweza mipando yomaliza kwa aneba omwe anabwereketsa pa maliro, kenaka anazungulira kuseri kwa nyumba, kushopu. Chimwalirireni mkazi wake anali asanalowemo. Anapeza loko ali lende pachitseko.

M'katimo munali Mzime, mng'ono wa malemu, atagwada pafupi ndi tebulo logwirira ntchito. Ankaika zipangizo zake m'chikwama: pulayala, kampeni kopalira waya, kanyundo kamtengo kosalazira makoyilo a waya m'mamota.

"Mlamu," Mmisiri anatero, "akuba a masiku ano akumabwera ndi makiyi awo?"

Mzime sanatembenuke. "Makiyi ndawaika pazenerapo, alamu. Ndikungotenga zanga."

"Zako zikupita kuti?"

"Kwa anthu a mafiriji aja, kumtunda kwa msika. Akufuna munthu."

"Aja amamanga waya ndi selotepi?"

"Omwewo."

Mmisiri anakhala pa chigubu cha vanishi. Shopuyo inali yokulunga mamota opsa: a mapampu, a zigayo, a mafani. Iye ankamasula, kuyeza ndi kumanga. Kukulunga waya kunali kwa mkazi wake, ndipo ndi mkazi wakeyo amene anaphunzitsa Mzime, atangomaliza sukulu. Kumapeto kwa tebulo kunali mota ya pampu yofundidwa nsalu. Malemu anaisiya pakati pomwe dzanja lake lamanja linayamba kugwetsa waya, ndipo palibe amene analimba mtima kuifundukula. Mwini pampuyo anabwera pa maliro, anapereka moni, ndipo za pampu sanafunse.

Matenda a mayiyo anayambira ku impso. Zonse ziwiri zinatopa, ndipo kwa nthawi yaitali ankapita kuchipatala kukatsukitsa magazi pa makina. Abale atayezedwa, wofanana naye anapezeka kuti ndi Mzime, ndipo Mzime anapereka impso yake imodzi osadikira kufunsidwa kachiwiri. Panapita zaka zabwino. Mayiyo ananenepa, anabwerera patebulo, anayambanso kukalipira makasitomala obwera ndi mamota odzaza matope. Ankangomwa mankhwala tsiku ndi tsiku, oletsa thupi kukana impso yachilendoyo, ndipo mankhwala oterewa amagonetsa chitetezo cha m'thupi. Kenaka dzanja linayamba. Pambuyo pa dzanja, mwendo. Pambuyo pa mwendo, mawu. Madokotala anati ndi kachilombo komwe kalowa m'ubongo, kachilombo komwe kawirikawiri kamakhala mu impso.

Mawu omalizawa anawamva azakhali ena pakhonde la chipatala. Pofika tsiku loika maliro anali atayenda mpando ndi mpando, ndipo anafika kwa Mzime atafupika: kachilombo kanabwera ndi impso.

"Za azakhali usazitengere," Mmisiri anatero. "Aja amanena kuti wailesi imabweretsa mphezi."

"Si azakhali." Mzime anakoka zipi ya chikwama. "Inu munkaona, alamu. Ndikangolowa m'chipinda muja, achemwali ankachita chiyani?"

Mmisiri anayang'ana pansi.

"Dzanja lamanzere lija," Mzime anapitiriza, "ankalikoka pang'onopang'ono mpaka lifike apa." Anagwira mmunsi mwa mimba, mbali yakumanja, pomwe madokotala anaika impso ija mwa mkulu wake. "Pomwe pali chinthu changa. Akundiyang'ana m'maso. Pakamwa panatsekeka, ndiye anandiuza ndi dzanja."

"Unali ululu chabe. Anamwino anatero."

"Ululu wodikira ine?"

Panali kanthu komwe Mmisiri akanatha kunena, ndipo kanafika mpaka pakhosi. Koma kanali kanthu ka mkazi wamoyo, woseka, ndipo iye anali atatsimikiza kale mumtima kuti munthu amene anagona pabedi lija masabata omaliza sankadziwanso kanthu. Anakameza.

Pakhomo panamveka kukutumula ambulera. Anali mlongo wamkulu wa malemu, yemwe aliyense, ngakhale ana a aneba, ankawatchula Achimwene. Anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti mpaka kupuma, ndipo ankakhulupirira kuti nkhani iliyonse imatha pakapezeka umboni.

"Zakhala bwino kuti ndakupezani nonse," anatero. "Alamu, foni yanu imagwira ntchito yanji? Dokotala uja waimbira ine. Akuti zotsatira zatuluka."

Tsiku lomwe mayiyo anamwalira, dokotala wina wofufuza anapempha kachidutswa ka ubongo kuti aphunzirepo za matendawa. Mmisiri anavomera, podziwa kuti mkazi wake sankataya mota yopsa asanaitsegule kuti aone chomwe chinaipsereza.

"Tipite tonse atatu," Achimwene anatero. "Iwe Mzime, akakuyeze, zidziwike. Abale akundiimbira foni usiku ndi usana. Ndine wamkulu, ndiziwayankha chiyani? Tikakhala ndi umboni, ndiwatseka pakamwa mmodzimmodzi."

"Nanga umboniwo ukanena kuti ndi ine?"

Achimwene anapinda ambulera yawo. Zinaoneka kuti mbali imeneyo anali asanaiganizire.

"Tiyeni," Mzime anatero, akukoleka chikwama paphewa. "Ndimve kamodzi, ndizipita."

Chipinda cha dokotalayo chinali kumapeto kwa khonde lalitali, kuseri kwa mawodi. Munali mozizira. Mafiriji ataliatali anaima mzere kukhoma akung'ung'udza, ndipo khutu la Mmisiri linatola imodzi yomwe beringi ya mu mota yake inali itayamba kudyeka. Dokotala anali mayi wamfupi wa imvi pang'ono, magalasi atapachika pa chingwe m'khosi. Anawagwira chanza mmodzimmodzi, anapepesa, ndipo anachotsa mabuku pa mipando kuti akhale.

"Ndikhoza kungokufotokozerani," anatero, "kapena mukhoza kuona nokha. Ena safuna kuona, ndipo si cholakwa."

"Ndiona," Mmisiri anayankha.

Dokotala anatenga kagalasi kotalika ngati chala. Pakati pake panali kachidutswa kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kopakidwa utoto. Anakaika pansi pa maikulosikopu, anapotoza kachitsulo kam'mbali, n'kumusunthira mpando.

Mmisiri anali atakonzeka kuona mnofu, ndipo anali atauza mtima wake kuti ukhale chete. Poyamba anangoona kuwala ndi nsidze zake. Kenaka zinthu zinakhazikika. Anaona mitolo ya timizere ta buluu, tina toyenda limodzi, tina topingasa, tina todulidwa pakati n'kumaoneka ngati timaso. Tinali tambiri kuposa mawaya onse omwe anagwirapo chiyambireni ntchito, ndipo tinayalidwa bwino kuposa momwe dzanja lililonse lingayalire. Palibe kamodzi kokwera pa kanzake molakwika. Zonsezi zinali pa kadontho kosakwana njere ya mpunga. Anaganiza za mkazi wake ataima pakhomo la shopu, manja m'chiuno, akukangana ndi wogulitsa makala, zonsezi zili m'mutu mwake pansi pa duku, iye osadziwa n'komwe.

Anakhala nthawi yaitali osachotsa diso.

"Alamu, mwagonamo?" Achimwene anafunsa.

Dokotala anayatsa kompyuta, ndipo chithunzi chomwecho chinaonekera kuti onse aone. "Mitsempha ya m'ubongo ili ngati mawaya," anatero. "Buluu mukuonayu si wayayo ayi, ndi chokutira chake. Chikachoka, uthenga umatayika panjira."

"Vanishi," Mmisiri anatero.

"Pepani?"

"Waya wa kopa amabwera atakutidwa ndi vanishi. Ikasupuka, mota imashota, ngakhale kopayo ali bwinobwino."

Dokotala anavala magalasi n'kumuyang'ana. "Mawu amenewo ndibwereka, ndikaphunzitsire ana asukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti vanishi ya m'mutu ndi yamoyo. Pali maselo ena omwe ntchito yawo ndi imeneyo basi. Selo imodzi imatambasula timanja tingapo, kamodzi kugwira waya uyu, kena waya uyo, n'kumakulunga, kukulunga, mpaka chokutira chikwane. Ndipo imakhala pompo moyo wonse, ikusamalira."

"Muli okulunga mmenemo?" Mzime anafunsa. Aka kanali koyamba kulankhula chilowereni.

"Osawerengeka."

"Anthu a ntchito ya malemu," Achimwene anatero chapansipansi.

Dokotala anasuntha kagalasi. Buluu uja anayamba kung'ambika. Panali mabowo otuwa, ena ang'ono, ena olumikizana, ngati bulangete lodyedwa ndi njenjete. M'mphepete mwa bowo lililonse munali timadontho totupa, takuda.

"Awa ndi okulunga aja, atadzaza ndi kachilombo. Kamalowa, kamachulukana mpaka seloyo kufa, ndipo mawaya omwe inkasamalira amatsala pambalambanda. Apa ndi panjira yopita ku dzanja lamanja. Tsono taonani kuno."

Anasunthanso pang'ono. Utoto unasintha, ndipo panaoneka maselo ena akuluakulu, aliyense ndi nthambi zake ngati mtengo wopanda masamba, ataima mizere mizere. Bowo lina linafika pafupi nawo ndithu, n'kuthera pomwepo.

"Awa ndi maselo oganizira. Nkhope za anthu, mawu, nyimbo, ntchito yomwe manja anaphunzira, zimagwiridwa ndi amenewa. Onani momwe alili. Moto wapsereza nyumba ya neba mpaka pa mpanda, iwo ali chiimire."

"Kanalephera kulowamo?" Mmisiri anafunsa.

"Funso limenelo landidyera zaka zambiri. Kale tinkaganiza kuti nkhani ndi ya chitseko, kuti kachilombo kamadwalitsa selo yomwe kakwanitsa kulowamo. Koma kachilomboka kamatha kulowa m'maselo a mitundu ingapo. Kulowa si kanthu. Pakokha kalibe manja, kalibe mphamvu, ndi kamtolo ka malangizo chabe. Kuti kachulukane, selo iyenera kuwerenga malangizowo n'kuwatsatira. Ndiye pakati pa malangizowo pali kachigawo kakafupi komwe sikapanga chilichonse. Ntchito yake ndi kunena kuti enawo awerengedwe liti, ndipo awerengedwe ndi ndani."

"Swichi."

"Swichi, koma yosankha zala. Selo iliyonse ili ndi zala zake zoyatsira malangizo ake omwe. Zala za okulunga zimakwana pa swichi imeneyi. Za oganizira, nthawi zambiri, sizikwana. Kachilombo kakhoza kukhala m'katimo, koma ngati palibe woyatsa, kamangokhala duu mumdima."

Mmisiri anabwerera pa maikulosikopu. Anayang'ana mpata wa pakati pa bowo ndi mitengo ija. Unali wochepa kuposa tsitsi. Kanthu kosaoneka, kopanda maso, kopanda nzeru, kanayenda m'mutu mwa mkazi wake chipinda ndi chipinda, ndipo chomwe chinkagamula kuti apa pafe, apa patsale, chinali kachigawo kakafupi ka malangizo. Sanadziwe ngati ayenera kukwiya. Chomwe anamva chinali chofanana ndi chomwe anamva ali mnyamata, tsiku loyamba kuona mota ikuzungulira popanda chilichonse choikhudza.

Achimwene anatsokomola. "Adokotala, zonsezi n'zodabwitsa, sindikukana. Koma ife tabwerera funso limodzi. Kachilomboka n'ka ndani?"

Mzime anafinya lamba wa chikwama.

"Ndikuyankhani zomwe ndikudziwa, ndipo pomwe sindidziwa ndinena," dokotala anatero. "Anthu ambiri amatenga kachilomboka ali ana. Kamakakhala mu impso, phee, moyo wonse, osadwalitsa. Komwe kamakhala mu impsoko swichi yake ndi yofooka, m'ubongo siiyaka bwino. Komwe tapeza mwa mayiwa swichi yake yasintha. Tizidutswa tina tatayika, tina tabwerezedwa kawiri, ndipo ndi kusintha kumeneko komwe kwaikwanitsa pa zala za okulunga. Zimenezi zimachitika m'thupi la wodwala mwiniyo, chitetezo chikagona nthawi yaitali. Wodwala aliyense amakhala ndi swichi yakeyake. Iyi sindinaionepo mwa munthu wina, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzaionanso."

"Ndiye si ka Mzime."

"Komwe kanapha mayiwa kanapangikira mwa iwo. Koma kholo lake linachokera kwina, ndipo sindingalumbire kuti kuti. Mwina anali nako chiyambire ubwana. Mwina kanabwera ndi impso. Zonse ziwiri zimatheka."

"Yezani, ndiye."

Dokotala anatsegula kabati, anatulutsa timabotolo tiwiri ta zitsekerero zofiira, n'kutiika patebulo. "Tikhoza kuyeza mkodzo. Koma tikayeza, tiyeze nonse awiri."

"Ine?" Achimwene anadziloza pachifuwa. "Ine impso zanga zili m'malo mwake zonse ziwiri. Sindinapatse munthu."

"Munakulira nyumba imodzi?"

"Eya, kumene."

"Kachilomboka kamayenda kwambiri m'banja. Njira yake yeniyeni sitinaidziwe bwino, koma nthawi zambiri ana amakhala ndi mtundu womwe makolo awo ali nawo. Ndikapeza kuti ka achemwali awa kakufanana ndi ka malemu, sizindiuza kuti kanadutsa pa opaleshoni. Zikhoza kungotanthauza kuti onse anakatenga kwa mayi awo, asanayambe n'komwe sukulu. Ndipo sindingadabwe kukapezanso mwa inu, bambo, komweko ndendende."

Achimwene anayang'ana timabotolo tija. Kenaka anaika dzanja kumsana, cha m'chiuno, ngati munthu wofufuza chikwama cha ndalama m'basi.

"Amayi," anatero. "Amayi anamwalira uyu akuyamba kumene kuvala nsapato. Sitinatsale ndi kanthu kawo, ngakhale chithunzi chabwino. Mukuti nthawi yonseyi ndakhala ndikuyenda ndi kanthu kawo kumsanaku?"

"N'kutheka."

"Kukhoti konse kuja?"

"Konse kuja."

Achimwene anachotsa dzanja kumsana. Kenaka anakankha timabotolo tija ndi zala ziwiri kubwerera kwa dokotala. "Sungani. Abalewo ndikawauza kuti n'kathu tonse, ka pamtundu. Wofuna umboni woposa pamenepo abwere adzakodze yekha. Tiyambire azakhali."

Dokotala anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mzime sanaseke.

Ataimirira kuti azipita, Mmisiri anatsalira pang'ono pafupi ndi maikulosikopu.

"Adokotala, masabata omaliza aja. Ankatidziwa?"

"Zomwe zinali mumtima mwawo galasi silingandiuze, bambo. Ndinganene zomwe ndaona. Njira zambiri zinaduka, makamaka zopita ku lilime ndi mbali yakumanja. Koma maselo oganizira, m'malo omwe ndayang'ana, ambiri analipo. Ndikanakhala inu, sindikanaganiza kuti m'nyumbamo munalibe munthu."

"Nanga impso? Inkawawa?"

"Impso ija inagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza. Inali yoyera, yopanda chotupa. Panalibe choti chiwawe pamenepo." Anatembenukira kwa Mzime, yemwe anali pakhomo. "Munawapatsa impso yabwino, achemwali."

Achimwene anasiyana nawo pa siteji, foni ili kale kukhutu. Mmisiri ndi Mzime anakwera basi imodzi. Mitambo inali itabalalika, ndipo msewu unkatuluka nthunzi. Atatsika, Mzime analoza njira ya kumsika.

"Ine ndikhotera apa, alamu."

"Dokotala wamumva."

"Ndamumva. Galasi lanena zake. Koma wanenanso kuti achemwali ankadziwa zomwe akuchita, ndipo pamalopo sipankawawa. Ndiye dzanja lija linali la ine." Mawu ake anali osalala, ngati akuwerenga mita. "Kuli bwino mukanandisiya ndi ululu wa anamwino uja."

"Tiye kushopu. Pali chinthu chomwe anandiletsa kukuuza."

Mushopu munali mutafunda, fungo la vanishi litakwera. Mmisiri anatsegula zenera, anachotsa makiyi a Mzime pomwe anawasiya, n'kuwaika patebulo. Anakhalanso pa chigubu chija. Sanamuyang'ane.

"Chichokereni ku opaleshoni, m'mawa uliwonse ankakhala m'mphepete mwa bedi. Amwe mapilitsi ake, amalize kapu yonse ya madzi. Akatero ankadzisisita apa." Anagwira mmunsi mwa mimba, kumanja. "N'kunena kuti, 'Wadzuka, Mzime? Tiye kuntchito, waulesi iwe.'"

Mzime anatsitsa chikwama paphewa.

"Tsiku lililonse. Ukamukwiyitsa kuno masana, madzulo ankakalipira pamenepo. 'Iwe ndi mwini wako n'chimodzimodzi, simumva.' Akadzuka kupita kubafa kunja kukuzizira, ankandigwedeza kuti, 'Mlamu wanu uja wayambanso.' Tsiku lomwe unakulunga wekha mota yaikulu ya chigayo ija, kuno anangoti yakhala bwino pang'ono. Kunyumba anadzisisita pamenepo mpaka ndinamufunsa ngati akufuna kuibowola."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankati ungadzimve. Anati ndikadzakuuza, ndidzasamukira kushopu kuno ndi bulangete langa."

Kaphokoso kena kanatuluka mwa Mzime, kosadziwika ngati n'kuseka. Anakhala pansi pa mpando wa mkulu wake, chikwama chili pamiyendo.

"Ankadzisisita ndi dzanja lamanja," Mmisiri anapitiriza. "Lamanja litafa, ndinati zathera pomwepo. Nditaona lamanzere likuwoloka mimba yonse kupita uko, ndinavomera za anamwino. Zinali zopepuka kuganiza kuti kulibe, kusiyana n'kuganiza kuti ali momwemo, akutimva, akusowa potulukira." Anapukuta manja pa thalauza ngakhale anali oyera. "Koma ndikalowa ine sankagwirapo. Akalowa Achimwene sankagwirapo. Njira zonse zija zitaduka, inatsala imodzi, ndipo anaipeza. Ankakupatsa moni, mlamu."

Mzime analira, koma osati nthawi yaitali. Mmisiri anayang'ana panja, pomwe nkhuku ya aneba inkamwa madzi a mvula pa chitsekerero cha mota yakale. Atamva kuti wayamba kupuma bwino, anatunga madzi mu kapu ya malemu yomwe inkakhala pa msomali, n'kumupatsa.

"Imwa. Impso yatsala imodzi, uisamale."

Mzime anamwa kapu yonse. Kenaka, posowa poika maso, anakoka nsalu yomwe inafunda mota ya pampu ija. Fumbi linauluka. Theka la mipata ya m'kati mwa motayo linali ndi makoyilo, theka linali lopanda kanthu. Mzime anaiyandikiza ku kuwala kwa pazenera, n'kuyendetsa chala pa makoyilowo, monga amachitira aliyense wa ntchitoyi. Oyambirira anali osalala, waya atagona pa waya ngati wopesedwa. Chala chinaima pa omalizira.

"Alamu, tabwerani."

Makoyilo omalizirawo anali osiyana. Anali otupa pang'ono, waya wina atakwera pa mnzake, ndipo mfundo za ulusi womangira zinapendekera mbali ina.

"Awa anakulunga ndi lamanzere," Mzime anatero.

Mmisiri anawerama. Anakumbukira masiku omwe mkazi wake ankamutuma kutauni kukagula zinthu zomwe zinalipo kale mushopu, mayiyo n'kutsala yekha chitseko chili chotseka.

"Ndi oipa," Mzime anatero, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikanakulunga ine chonchi, akanandimasulitsa onse."

Mmisiri anatenga mita pa shelefu, anapala nsonga za waya, n'kugunditsa timiyendo take. Anayeza koyilo yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza. Anayezanso pakati pa waya ndi chitsulo, kuona ngati vanishi inasupuka penapake. Muvi wa mita sunagwedezeke.

"Ndi oipa," anavomera. "Koma alibe shoti."

"Timasule?"

"Asiye."

Mzime anatsegula zipi ya chikwama. Anatulutsa pulayala, kampeni ndi kanyundo kamtengo, n'kuziika patebulo pomwe zinkakhala. Anakoka mkombero wa waya wa kopa, anayeza kunenepa kwake pakati pa zala, ndipo anayang'ana mpata wotsatira, pafupi ndi koyilo yomaliza ya mkulu wake.

"Muimbireni mwini pampu," anatero. "Mumuuze abwere mawa madzulo."

Mmisiri anapita kukasaka foni yake. Kumbuyo kwake mkombero unayamba kuzungulira.